Nkhata ya Mbumba

Chikondi cha Noel ndi Tamanda chinayamba popanda wochiletsa, ndipo mwina n'chimene chinawapusitsa. Anzawo amayamba ndi kubisala m'chimanga, kuthamangitsidwa ndi alongo a mtsikana, kunamizira kupita kuchigayo. Iwowa ayi. Ankayenda poyera dzuwa likuswa mtengo, anthu n'kumawasekerera.

Anakumana kuchipatala cha Mulanje Mission, pambali pa bedi limodzi. Pabedipo panagona agogo Samueli, amene sitiroko inawapha mbali imodzi ya thupi n'kuwatseka pakamwa. Tamanda anachokera ku Chonde kudzawadwazika, pakuti anali bambo a mayi ake, a Marjory. Noel anatumidwa ndi mayi ake, a Janeti a ku Limbuli, kuti akasiye nthochi kwa amalume awo. A Samueliwo anakwatira ku Chonde ali mnyamata n'kukhala chikamwini komweko, moti ana a mbali ziwirizi anakula osadziwana.

Tsiku lomwelo, atakhala pakhonde la wodi, anayamba kuwerenga chibale pa zala. Mayi a Tamanda ndi mwana wa a Samueli. Mayi a Noel ndi mwana wa mlongo wawo wa a Samueli. Mwana wa mwamuna ndi mwana wa mlongo wake ndi asuweni, ndiye kuti ana awonso angotengera chisuweni chomwecho.

"Basitu, mkazi ndamupeza," anatero Noel. "Nthochizi ndimati n'za odwala, koma zasanduka zofunsira mbeta."

Tamanda anamugenda ndi khoko la nthochi, n'kumuuza kuti msuweni wosauka chonchi ndi wongotuma kumsika. Nthabwala za pachisuweni ndi choncho, ndipo zambiri zimathera pomwepo. Izi sizinathere pomwepo. Noel anapezeka kuti wayamba kukonda agogo ake modabwitsa, kuwazonda Lachitatu, kuwazondanso Loweruka, mpaka anamwino anayamba kumutchula mkamwini.

Kwathu kuno msuweni saopsa. Munthu amatsata bele la mayi ake, limene akuluakulu achilomwe amati nihimo. Amene mwayamwa bele limodzi, ngakhale agogo anu aakazi ndiwo anali pachibale, ameneyo ndi mlongo wako, sumuyang'ana kawiri. Koma mwana wa amalume ali ndi bele lake, la mayi ake, ndipo kumukwatira ndi kubweza chuma pakhomo. A Janeti atamva nkhaniyi analulutira. A Marjory anayamba kufunsa mitengo ya zitenje za chinkhoswe.

Anthu atatu okha ndiwo sanaseke. Woyamba anali Millie, mwana wa mchemwali wawo wa a Marjory, amene anakula ndi Tamanda mphasa imodzi. Iyeyu anamuona Noel tsiku lomwe lija, ndipo sanamvetse kuti pa asuweni awiri maso a mnyamatayo anagweranji pa mnzakeyo. Wachiwiri anali agogo Leah, akazi a wodwalayo, amene akafunsidwa za chinkhoswe ankangoti, "Dikirani agogo anu ayankhule." Wachitatu anali a Samueli eni ake. Noel ndi Tamanda akaima limodzi pambali pa bedi, mkuluyo ankagwira mkono wa Tamanda ndi dzanja lamoyo lija, kuukoka mwamphamvu, misozi ikutsikira m'khutu. Awiriwo ankati agogo akuwadalitsa.

A Samueli anamwalira mvula itangoyamba, asanayankhule.

*

Maliro anapita kwawo ku Limbuli, monga mwa mwambo, kuti mwamuna akagone pakati pa abale a mayi ake. Kumanda kunali matope, ndipo phiri linali litafunda mitambo mpaka m'munsi. Adzukulu atamaliza kukwirira, mkulu wa mpingo anayamba kuitana anthu oika nkhata, gulu ndi gulu, malinga ndi chibale chawo ndi malemu.

Anayamba agogo Leah. Anaika nkhata yawo, n'kubwerera atagwiridwa mbali zonse. Kenaka mkulu uja anati, "Ana a malemu."

Mayi a Millie ananyamuka. A Marjory nawo ananyamuka, nkhata ya maluwa ofiira ili m'manja. Anangoponda kawiri, dzanja linawagwira chitenje kumbuyo. Anali agogo Leah.

"Khala pansi, Marjory. Nthawi yako sinakwane."

"Amayi, aitana ana."

"Ndamva. Iwe uika ndi a mbumba."

Mawuwo sanali okweza, koma kumanda kumakhala zii, ndipo anamveka mpaka kwa amuna amene anakhala pa zitsa kumapeto. A Marjory anaima pomwepo. Mayi a Millie anakaika yawo okha osacheuka. Mkulu wa mpingo anatsokomola, n'kuitana a mbumba, ndiko kuti ana a alongo awo a malemu. A Janeti ananyamuka, ndipo agogo Leah anawakankhira a Marjory kumbali kwawo.

Noel anali kutsidya la manda, khasu likadali m'manja. Anamuyang'ana Tamanda, Tamanda anamuyang'ana iye. Onse awiri anali akuwerenganso zala zija m'mutu, ndipo onse awiri ankapeza yankho limodzi. Amene anamwetulira pamanda paja anali Millie yekha, ndipo anabisa pakamwa ndi nsonga ya duku.

*

Anthu atasamba m'manja n'kubalalika, eni maliro anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba ya a Janeti. Agogo Leah anafotokoza nkhani yonse maso ali pansi, Chichewa chikawathera ankalowa m'Chilomwe.

A Samueli anali ndi alongo awiri. Wamkulu ndi amene anabereka a Janeti. Wamng'ono anakwatiwa kutsidya kwa malire, ndipo anafera komweko nthawi ya nkhondo, kusiya khanda. A Samueli anawoloka mtsinje kukalitenga. M'malo molisiya ku Limbuli kwa eni bele, anapita nalo ku Chonde, chifukwa akazi awo anali akuyamwitsa ndipo mwanayo akanafa ndi njala. Khandalo ndiye a Marjory. Linayamwa limodzi ndi mayi a Millie, anthu n'kumayesa mapasa. A Samueli analikonda koposa mwana wawo wobereka, ndipo poopa kuti alongo awo adzalilanda, anakauza a ku Limbuli kuti mwana anatsagana ndi mayi ake kumanda.

"Anandilumbiritsa kuti ndisadzanene iwo ali moyo," anatero agogo Leah. "Ndinasunga. Koma pamanda sanama. Nkhata ya mwana ikaikidwa ndi amene si mwana, wakufayo sagona."

A Janeti analira kulira kwina, kosiyana ndi kwa m'mawa. Anawakumbatira a Marjory, kuwagwira nkhope, kuwauza kuti mphumi iyi ndi ya mayi awo aang'ono, iwo anali kamtsikana koma akukumbukira. "M'bale wanga, m'bale wanga weniweni!" Amayi ena analulutira pamaliro pomwepo. Chinali chisangalalo choona, ndipo n'chimene chinamupweteka Noel koposa, poti panalibe woti amukwiyire.

Patapita kanthawi a Janeti anatembenuka, n'kuona ana awiri aja atakhala motalikirana ngati odwala chifuwa. Nkhope yawo inagwa.

"Noel, uyu ndi mlongo wako."

Tamanda ananyamuka n'kulowera kudimba, ndipo panalibe amene anamutsatira.

*

Masiku otsatira foni ndiyo inasenza zonse. Tamanda atabwerera ku Chonde ankalemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta, Noel akuonerera kachizindikiro kosonyeza kuti munthu akulemba. Potsiriza unafika uthenga wa mawu ochepa: "Ndikutchule ndani tsopano?"

Noel anayankha kuti amutchule dzina lomwe ankamutchula kale, palibe chasintha. Anamuuza kuti wafufuza, boma sililetsa ukwati wa anthu amene agogo awo okha ndiwo anali pachibale, ndipo ngakhale abusa atawafunsa mwamseri anakanda m'mutu n'kunena kuti m'buku mulibe choletsa, koma ayambe wamvana ndi makolo. Tamanda anangotumiza kankhope kolira.

Mfundo zomwezo Noel anapita nazo kwa mayi ake. Anawapeza akusenda chinangwa pakhonde, ndipo anawayalira zonse bwinobwino ngati loya. Anati dzulo lomweli iwo omwewo ankalulutira. Magazi a Tamanda ndi omwe aja, ake ndi omwe aja, chasintha n'chiyani? Akanakhala kuti agogo Leah anamwalira poyamba, bwenzi ukwati utachitika, ana atabadwa, wina osadziwa kanthu.

A Janeti anamusiya amalize. Kenaka anamufunsa funso limodzi.

"Tsiku la chinkhoswe, a kuchimuna akakhala uku, a kuchikazi adzakhala kuti?"

Noel anati adzapeza anthu.

"Anthu ake ati? Ankhoswe ako ndi ife. Ankhoswe a Tamanda ndi ife. Tidzafunsira kwa ife tokha, n'kudziyankha tokha? Mukadzayambana, mlandu udzapita kwa yani? Ukwati ndi mitundu iwiri, mwana wanga. Inu mtundu ndi umodzi." Anaponya chinangwa m'beseni. "Ndipo mwana amene mungabereke, kwa ine adzakhala mdzukulu wanga wa kwa mwana wamwamuna kapena wa kwa mwana wamkazi? Usandichititse manyazi ndikadali moyo. Ukachita zimenezo, pamaliro anga usadzaike nkhata, chifukwa sindidziwa kuti adzakuitana ndi gulu liti."

Noel akanakonda mayi ake akanamutukwana, bwenzi atapeza poyankhira. Koma anayankhula mofatsa, misozi ili m'maso, ndipo iye anadziwa kuti mawu amenewo sadzabwezedwa.

*

Noel ndi Tamanda anakumana kamodzi kokha mwamseri, masana a tsiku la msika, pakanjira kodutsa m'mphepete mwa munda wa tiyi. N'zomvetsa chisoni kuti anthu amene sanabisalepo anayamba kubisala chikondi chitatha kale kuloledwa. Tamanda anali ataonda. Anakhala pa mwala, Noel anafuna kumugwira dzanja monga kale, koma dzanjalo linaima m'malere, ndipo onse awiri analiona likubwerera.

Chimenecho ndicho chinamuliza Tamanda. Anati sakuopa anthu, akuopa kuti mawu aja oti mlongo alowa kale m'thupi mwawo. Noel anakana, nati athawe, apite ku Blantyre kapena ku Nampula kumene kulibe wowadziwa. Tamanda anamufunsa kuti mayi ake awasiyira yani. Pamenepo ndi pamene anamuuza zimene zinkachitika ku Chonde.

Chiikireni maliro, mayi a Millie anali atasintha. Munda umene a Marjory ankalima chiyambire utsikana wawo unali wa bele la agogo Leah, ndipo ku Mulanje kuno, kumene tiyi anadya malo onse abwino, munda saugawira mlendo. A Samueli ali moyo chinsinsi chija chinkawateteza a Marjory. Tsopano mayi a Millie ankanena poyera kuti aliyense akalime kwawo. Bambo a Tamanda anapita ku Joni kalekale osabwerera, ndiye panalibe wowaikira kumbuyo. Agogo Leah ankangolira, mphamvu analibe.

"Nanga mupita kuti?" anafunsa Noel, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Kwathu," anatero Tamanda, n'kuseka kuseka kowawa. "Kwanu."

*

A Marjory ndi Tamanda anasamukira ku Limbuli chimanga chisanache. Katundu anabwera pa njinga zitatu za kabaza, ndipo a Janeti anawapatsa nyumba ya malemu mayi awo, yoyang'anizana ndi kanyumba ka Noel. Anawadulira munda kumtunda kwa dimba. Mudzi wonse unati chibale ndi fupa, sichiola, taonani mwana wotayika wabwerera.

Kwa Noel chinali chilango chimene ngakhale mdani sangakuganizire. M'mawa akatsegula chitseko, Tamanda akusesa pabwalo. Madzulo akabwera, Tamanda ndiye ankatumidwa kukamupatsa madzi osamba, monga mlongo amachitira. Ankasiya ndowa pakhomo la bafa osayankhula. Dzina lake sankalitchula, ndipo "achimwene" silinkatuluka pakamwa pake, moti akafuna kumuitana ankangotsokomola.

Ngati kuti zimenezo zinachepa, akuluakulu a banja anakhala pansi kusankha wolowa m'malo mwa a Samueli. Amuna a bele limenelo anali atatha, ena kumanda, ena kutsidya. Wotsala wamkulu anali Noel. Iye anakana, nati sanakwatire, sangaweruze za mabanja. Anamuyankha kuti mwini mbumba sachita kufunsira, amabadwa. Kuyambira tsiku limenelo matenda, milandu ndi maukwati a akazi onse a pakhomopo zinali m'manja mwake.

Millie naye anayamba kubwera Loweruka lililonse, ati kudzaona mayi ake aang'ono, omwewo amene kwawo anawathamangitsa. Ankafika atadzola mafuta onunkhira mpaka nkhuku kuyetsemula. Akamuona Noel ankamulanda chipewa, kumukhalira pafupi, kumufunsa kuti sopo wa mkazi wake ali kuti.

"Amuna anga, mwaonda bwanji? Alongo anuwa sakukuphikirani?" ankatero mokweza, diso lili kwa Tamanda. "Musadandaule, msuweni weniweni ndine. Enawa anali obwereka."

Panalibe womudzudzula, pakuti msuweni ali ndi ufulu wonena zimenezo. A Janeti ankaseka nawo, ndipo tsiku lina anamuuza Noel kuti mtsikanayo ndi wakhama, aganizirepo. Noel anatuluka osadya. Tamanda anali kuseri akutsuka mbale imodzi yomweyomweyo.

Uthenga womaliza umene Noel anamutumizira unali wakuti akadali wokonzeka, anene tsiku lokha, basi ya ku Limbe imanyamuka m'mawa uliwonse. Tamanda anauwerenga. Sanayankhe.

*

Lamulungu lina atachoka kutchalitchi, Noel anapeza njinga ziwiri zachilendo zitatsamira mtengo wa mapeyala. Pa mipando panakhala bambo wina wachikulire wovala jekete, ndi mnyamata amene Noel ankamudziwa bwino. Anali Bonface, mnzake wa kusukulu, wa golosale pa Limbuli, munthu wosamwa, wopanda mbiri yoipa. Bonface anali mmodzi mwa amene ankamuperekeza kuchipatala masiku aja. Tsiku limeneli sanathe kumuyang'ana m'maso.

A Janeti anamukokera Noel kuseri n'kumuuza kuti alendowo abwera kudzafunsira mbeta. Bonface anamuona Tamanda kumsika, ndipo wabwera ndi amalume ake mwaulemu wonse.

"Ndiye mukundiuziranji ine?"

"Tiuze yani? Mwini mbumba ndiwe. Pita ukawalandire, vala malaya abwino."

Noel anati sangathe. Anati atume wina aliyense, ngakhale wodutsa m'njira. A Janeti anamugwira pamapewa n'kumuuza kuti akudziwa kuti zikuwawa, iwonso sagona, koma mtsikanayo sangakalambire pakhomo akutsokomola. A Marjory anali chapatali atagwira tsaya.

Noel anapita. Anakhala pampando umene a Samueli ankakhalapo akabwera pamaliro. Amalume a Bonface anayamba ndi mvula, n'kudzera ku mitengo ya feteleza, kenaka anafika pa nkhani. Anati pakhomo pano aona kamsoti, ndipo iwo ali ndi tambala. Anati amva kuti mwini wake wa nkhukuzo ndi achimwene ake, ndipo ndi mwayi kuti ndi munthu wodziwana kale ndi mphwawo. Bonface anadzutsa mutu pang'ono n'kunena motsitsa, "Alamu, pepani."

Mwambo umati mwini mbumba asayankhe asanamufunse mwini wakeyo pamaso pa alendo. Anatuma kuti Tamanda abwere. Tamanda anatuluka atavala chitenje chimene mayi ake anagula masiku aja, cha chinkhoswe chimene sichinachitike, n'kugwada chapatali, manja pa maondo.

Noel anatembenukira kwa iye.

"Tamanda, anthu awa abwerera iwe. Munthuyu ukumudziwa?"

"Ndikumudziwa."

"Nanga ukuti bwanji? Tiwalandire, kapena tiwabweze?"

Mumtima ankapempha kuti akane. Akanangokana, iye akanawabweza alendowo mwaulemu, ndipo mawa lake akanakhala pa siteji kudikira basi ija. Akanavomeranso, bwenzi atadziwa kuti zatha, n'kupeza pomukwiyira. Millie, amene anagona komweko chifukwa cha mvula ya dzulo lake, anaima pakhomo la khitchini, chipande chili m'manja.

Tamanda anadzutsa nkhope. Kanali koyamba kumuyang'ana m'maso chisamukireni, ndipo misozi inali ikutsika osaipukuta.

"Ine ndilibe mawu," anatero. "Chimene munene inu ndichita chomwecho, achimwene."

Amalume a Bonface anawomba m'manja, nati mwana woleredwa bwino amayankha choncho. Kenaka anasendeza mpando wawo kufupi, n'kutembenukira kwa Noel kudikira yankho.